Kuzungulira mzinda wa Chiang Mai ku Thailand tsiku limodzi ndi anzanu

Ngati muli anthu 6 mpaka 10, pangani hayala songthaew imodzi, galimoto yofiira ya mabenchi awiri kumbuyo. Gwirizanani mtengo ndi dalaivala musanakwere, mumuuze malo onse omwe mukaime, ndipo mulipire pobwerera. Mmodzi asonkhetse ndalama za ku Thailand (baht) m'mawa, chifukwa kusakasaka chenji paliponse kumadya nthawi.

Yambirani ku Wat Phra That Doi Suthep, kachisi wa paphiri, makilomita pafupifupi 15 kuchokera mumzinda. Nyamukani 7 koloko isanakwane, mabasi a alendo asanadzaze malo. Msewu ndi wokhotakhota kwambiri, choncho wa chizungulire akhale kutsogolo ndi dalaivala. Pali masitepe 306, koma amene mawondo amamuvuta angakwere chikepe. Valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndi nsapato zosavuta kuvula, poti pabwalo la pamwamba simulowa nazo.

Nkhomaliro ikhale khao soi, manudo a mu msuzi wa kokonati ndi kale (curry), ena okazinga ali pamwamba. Malo ambiri ogulitsa amatseka masana, ndiye musachedwe.

Kenako yendani wapansi mumzinda wakale, muone akachisi a Wat Chedi Luang ndi Wat Phra Singh. Likakhala Lamlungu, msika wa usiku umayambira pa Tha Phae Gate, chipata cha mzinda wakale, kutsata msewu wa Ratchadamnoen. Apa m'pomwe gulu limabalalika, choncho pangiranitu malo ndi nthawi yokumana.

Pewani February mpaka April: utsi wa kutentha minda umaphimba mzinda, paphiri osaona kanthu.