Momwe mungachotsere timizere tozungulira pa penti ya galimoto

Imikani galimoto yakuda kapena yabuluu padzuwa la masana, muyang'ane pa boneti. Timizere tambirimbiri tozungulira ngati ulusi wa kangaude timene mukuonato sitikutanthauza kuti penti yatha. Ndi malo okandika pang'ono pa gawo lapamwamba lowala, limene opopera penti amalitcha clear coat. Tambiri timabwera potsuka: ndowa imodzi yotsukira matayala ndi zitseko zomwe, chisanza cha malaya akutha, komanso chizolowezi chopukuta fumbi m'mawa galimoto ili youma.

Kupolisha ndi kupala. Mumasenda clear coat pang'onopang'ono mpaka ifanane ndi pansi pa kamzereko. Clear coat ya kufakitale imakhala ma micron 40 mpaka 50, pafupifupi theka la kuchindikala kwa pepala la mu ofesi, ndipo yomwe mwapala sibwereranso. N'chifukwa chake timayamba ndi polishi yofatsa ndi padi (siponji yozungulira yomata pa makina opolishira) yofewa, n'kumakwera pokhapokha zikakanika.

Musanagule chilichonse, yendetsani chikhadabo mopingasa pa mzere umene ukukuvutitsani. Chikakodwa, mzerewo wazama, ndi ntchito ya wopopera penti. Kenako pakani kapolishi pa kansalu koyera, mutikite pamalo obisika. Kansaluko kakatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti pentiyo ilibe clear coat, monga zimakhalira pa magalimoto akale ndi ena opopedwanso motchipa, ndipo mapadi anu adzadetsedwa msanga.

Makina alipo a mitundu iwiri. Rotary, monga Makita 9237C, imangozungulira pamalo amodzi. Imadya msanga, imatenthetsa penti msanga, ndipo m'manja mwa wophunzira imasiya mizere ina yonyezimira yooneka ngati utsi padzuwa. Dual action, kapena DA, imazungulira uku ikugwedera, ndipo mukaikanikiza mopitirira imasiya kuzungulira. Wongoyamba kumene agule DA, ya mbale (pomatira padi) ya mamilimita 125, chifukwa padi yaing'ono imalowa bwino m'malo opindika. Za kumanga siponji pa gulayinda yodulira zitsulo, zisiyeni. Gulayinda imazungulira maulendo cha m'ma 11,000 pa mphindi, pamene rotary pa penti imayenda pakati pa 1,000 ndi 1,500. Imawotcha chitseko musanaphethire.

Mapadi mukhale nawo a mitundu itatu: ya siponji yolimba yodyera, yapakati, ndi yofewa yomalizira. Musadalire maonekedwe ake, pakuti yachikasu ya kampani ina ndi yodyera, ya kampani ina ndi yomalizira. Ifinyeni ndi zala, muwerengenso paketi. Yaubweya wa nkhosa isiyireni a rotary. Mtundu umene mudzaugwiritse ntchito kwambiri mugule mapadi atatu kapena anayi, chifukwa imodzi siimaliza galimoto.

Polishi nayo ili m'magulu. Yodya kwambiri, yotchedwa compound, ndi monga Meguiar's M105, Menzerna 400 kapena Farécla G3 imene okonza magalimoto ochita ngozi amaikonda. Yapakati ndi monga Menzerna 2500, yomalizira ndi Meguiar's M205 kapena Menzerna 3800. Pa Menzerna nambala ikamakwera, kudya kumachepa. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, makamaka a Honda, Mazda ndi Subaru, ali ndi penti yofewa komanso yopyapyala, moti polishi yomalizira pa padi yapakati nthawi zambiri imakwanira. A Mercedes, Audi ndi VW penti yawo ndi yolimbirapo, amafuna compound. Botolo la mamililita 250 limakwana galimoto yaing'ono n'kutsalako, ndiye musawononge ndalama pa la lita imodzi. Chenjeraninso ndi polishi yothiridwa m'mabotolo a madzi akumwa, wogulitsa n'kumalumbira kuti ndi ya kampani yotchuka. Simudziwa chomwe asakanizamo, ndipo kamchenga kamodzi m'botolomo kamakanda boneti yonse.

Tsukani galimoto bwinobwino, muyendetse clay bar (dongo lapadera lochotsa tizinthu tomatirira pa penti) pothira madzi a sopo wa galimoto mpaka penti isalale mukaikhudza, kenako muumitse. Matani tepi ya pepala pa malabala, pulasitiki yakuda, zilembo ndi m'mphepete mwa zitseko. Gwirirani ntchito pamthunzi, makamaka m'mawa. M'mwezi wa Okutobala boneti imene yakhala padzuwa imaumitsa polishi isanagwire ntchito yake.

Tsopano pofika poyesa, pomwe ambiri amalakwitsa. Dulani ndi tepi kamalo ka masentimita 50 mbali zonse pa boneti. Polishi anthu ambiri amadontheza mopitirira: pa padi yatsopano ikani madontho asanu aakulu ngati nandolo, pa malo otsatira atatu okha. Gunditsani padi pa penti makina ali ozimitsa, muyatse pa liwiro 1 kuti polishi imwazike, kenako mukweze pa 4 kapena 5. Yendetsani mwapang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, mzere uliwonse uzikwera theka la unzake. Pitani cham'litali, mubwerere cham'mimba, mpaka kanayi. Lembani kamzere ka inki pa mbale ya makina. Kakaima osazungulira, ndiye kuti mwakanikiza kwambiri kapena padi yapendeka, ndipo makina akungonjenjemera osadya kanthu.

Mukapukuta padzawala, koma musakhulupirire msanga. Polishi ili ndi mafuta amene amalowa m'timizere n'kutibisa. Zina zotchipa, zolembedwa kuti zimachita zonse kamodzi, ntchito yake yaikulu ndi yomweyo yobisa, ndipo mvula ikagwa kawiri timizere tonse timabwerera. Poperani isopropyl alcohol wosungunula, gawo limodzi ku magawo atatu a madzi, mupukute ndi kansalu ka microfiber, kenako muunike ndi tochi yowala kwambiri kapena mutulutse galimoto padzuwa. Timizere tikachoka, polishi ndi padi zimenezo ndi zomwe mugwiritse ntchito pa galimoto yonse. Tikatsala, sinthani chinthu chimodzi chokha: padi yolimbirapo kaye, polishi ikhale yomweyo. Zikakanikabe, ndiye tengani compound. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza, ndipo mwina mwapala clear coat yomwe simunafunikire kupala.

Penti imapsera m'mphepete ndi pa mizere yotukuka ya bodi, chifukwa popopera penti imayenderera kuchoka pamenepo n'kutsala yopyapyala, komanso kulemera konse kwa makina kumagwera pa kamalo kochepa. Musaimitse makina pamwamba pa mzere wotere. Polishani mbali iyi mpaka pafupi nawo, kenako mbali inayo. Bampa ya pulasitiki siitaya kutentha ngati chitsulo, choncho tsitsani liwiro, ndipo muzigwira ndi kumbuyo kwa dzanja kawirikawiri. Pakatentha moti dzanja silikhalapo, chokanipo. Mukaona mtundu wa galimoto pa padi pamene poyesa paja kansalu kanatuluka koyera, lekani pomwepo. Mwaboola clear coat, ndipo palibe polishi imene ingabwezeretse, koma kupoperanso chigawo chonsecho. Magalimoto obwera kudzera ku Dar es Salaam kapena Durban ena anapolishidwa kale kangapo asanagulitsidwe, ena anapopedwanso mbali imodzi, ndiye chitseko china chingathe kupirira pomwe chinzake sichipirira. Kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti kamathandiza pamenepa. Pamene kakuwerenga pansi pa ma micron 80, gwiritsani polishi yomalizira yokha, ndipo mizere yozama yotsala muilole ikhale.

Padi muziitsuka ndi burashi mukamaliza malo aliwonse, ndipo ikanyowa ndi polishi muisinthe. Yotentha ndi yodzaza imakanda m'malo mopolisha, nthawi zina imamatuka n'kuuluka.

Kwatsalako n'kubwereza zomwezo, denga kaye, kenako boneti, buti ndi m'mbali. Ngati munagwiritsa ntchito compound, bwerezani ndi polishi yomalizira pa padi yofewa, liwiro 3 kapena 4, osakanikiza. Pukutaninso ndi alcohol uja, mupake wax kapena sealant, zotetezera penti, tsiku lomwelo. Galimoto yaing'ono ngati Vitz imadya tsiku lathunthu. Potsuka mtsogolo gwiritsani ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira kansalu, ndipo matayala akhale ndi kansalu kawokawo.