Momwe mungadziwire mtundu wa mlamba waminga umene mukuweta

Ogulitsa nsomba zoweta m'thanki yagalasi amakonda kutchula mitundu yambiri ndi dzina limodzi. Akaona kamlamba kakuda kaminga m'mbali amangoti "Raphael" basi. Koma banja la nsombazi, lotchedwa Doradidae, la m'mitsinje ya ku South America monga Amazon ndi Orinoco, lili ndi mitundu yoposa 90. Ina imalekezera pa masentimita 10, pomwe Oxydoras niger imafika mita yathunthu. Zikakhala zazing'ono zimasokoneza, ndiye mukalakwitsa dzina mwalakwitsanso kukula kwa thanki.

Choyamba itulutseni nsombayo m'thanki bwinobwino. Kaukonde kasiyeni, chifukwa minga ya pa zipsepse zake ili ndi mano ngati a sowo ndipo ikakodwa mudzachita kudula ukondewo. Itungeni ndi kachidebe ka pulasitiki koonekera mkati. Musaigwirenso ndi dzanja, imapana chala pakati pa chipsepse ndi thupi. Ikalira kuti krrr musadabwe, ikukhuza munga wa chipsepse m'mfundo yake.

Kenako tsimikizani kuti ndi ya banja limeneli. Yang'anani m'mbali: payenera kukhala mzere umodzi wa timafupa kuchokera kuseri kwa mutu mpaka kumchira, kalikonse kokhala ndi kamunga koloza kumbuyo. Ndevu zikhale zisanu ndi imodzi, ziwiri kumlomo wa kumwamba, zinayi kuchibwano, pamphuno popanda. Nkholokolo nayo imalira, koma m'mbali mwake ndi mosalala ndipo kwawo ndi ku Africa. Corydoras, kamlamba kena ka m'thanki ka banja lina, ili ndi mizere iwiri ya timafupa yokuta thupi lonse.

Mukafika apa ndevu ndizo zimagawa banjali pawiri, ndipo ine ndimazikhulupirira kuposa maonekedwe a khungu. Ngati ndevu za kumwamba zili ndi tinthambi ngati nthenga, mukuyang'ana gulu la Hassar, Leptodoras kapena Nemadoras. Ngati ndi zosalala, ganizani za Platydoras, Agamyxis, Amblydoras, Acanthodoras ndi zikuluzikulu monga Megalodoras ndi Pterodoras. Onaninso mchira. Wa Acanthodoras ndi wozungulira, wa Oxydoras ndi wamphanda.

Tsopano mutha kubwera ku khungu. Yakuda yamawanga oyera kapena achikasu thupi lonse ndi Agamyxis, imene imakula masentimita pafupifupi 15. Koma ilipo mitundu iwiri yofanana kwambiri: pectinifrons ya ku Amazon ndi albomaculatus ya ku Orinoco. Ndi maso okha n'kovuta kuzisiyanitsa, ndiye funsani wogulitsa komwe nsombayo inagwidwa.

Yamzere woyera m'mbali ndiyo yanamiza anthu ambiri. Kwa zaka zambiri inkagulitsidwa ndi dzina loti Platydoras costatus, ndipo mabuku akale amatero, koma imene imadzaza m'mathanki ndi Platydoras armatulus, ya masentimita 20 kapena kupitirira pang'ono. Costatus yeniyeni kwawo ndi ku Suriname ndi French Guiana. Palinso Orinocodoras eigenmanni, yamzere womwewo. Imeneyi iyang'aneni kumaso, mphuno yake ndi yayitali ndi yosongoka, pomwe ya Platydoras ndi yobuntha. Kachipsepse kamafuta ka pamsana kufupi ndi mchira nakonso n'kotalikirapo pa Orinocodoras.

Isanabwerere m'thanki ijambuleni zithunzi zitatu, cha m'mbali, cha pamwamba ndi cha kumimba, mutaika rula pansi pa kachidebe kaja. Chitani msanga, nsombazi zimayenda usiku ndipo kuwala kumazivutitsa. Pa chithunzi cha m'mbali werengani timafupa tija mofatsa, nambalayo ilembeni. Mukatero fananizani ndi zomwe zalembedwa pa masamba a pa intaneti ofotokoza za nsomba, FishBase kapena PlanetCatfish, kuyambira pa gulu lomwe ndevu ndi mchira zakulozerani.

Ngati nsombayo idakali ya masentimita atatu kapena anayi, musakakamire dzina. Mizere ndi mawanga zimasintha ikamakula. Lembani dzina la gulu lokha ndi "sp." kumapeto, monga Platydoras sp., kusonyeza kuti mtundu wake weniweni sunadziwike, n'kudzaijambulanso pakapita miyezi ingapo. Koma ikayamba kukula mothamanga kusiya zinzake zonse, yambani kufunafuna thanki yaikulu musanalidziwe n'komwe dzinalo.