Galimoto mwangoitenga kumene: wakisi mupake liti?

Munthu akangotenga galimoto, kaya yatsopano ya m'shopu kaya ija timati ex-Japan, alangizi amachuluka. Wina akuti dikirani miyezi itatu penti aume kaye. Wina akuti pakani wakisi, mankhwala aja oteteza ndi kuwalitsa penti, lero lomwe lisanakuwonongereni dzuwa. Onsewa akunena zoona, kungoti akukamba za penti wosiyana. Chofunika kudziwa si tsiku limene galimotoyo yafika pakhomo panu ayi, koma kumene pentiyo anapakidwira ndi nthawi imene wakhala pagalimotopo.

Kufakitale amapenta thupi la galimoto lili lokhalokha, asanaikemo mipando, mawaya ndi magalasi. Akatero amalilowetsa mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 140 kapena kuposerapo, ndipo potuluka mmenemo penti amakhala atauma mpaka mkati. Onjezanipo masabata amene galimoto imakhala pasitima yapamadzi ndi padoko. Ikamafika mu Blantyre muno palibenso chodikira, mutha kupaka wakisi sabata yomweyo. Za ku Japan nazo ndi chimodzimodzi, penti wake ngwa zaka zambiri, anakhwima kalekale.

Nkhani imasintha galimoto ikadutsa kwa amisiri owongola ndi kupenta. Iwowa sangaiwotche choncho chifukwa mapulasitiki ndi mawaya angasungunuke, ndipo magalaja ambiri athu amangoimika galimoto panja kuti iume ndi dzuwa. Penti wotere amauma pamwamba msanga, mukamukhudza n'kumati wapsa, chikhalirecho mkati mukutulukabe mpweya wa thinala pang'onopang'ono. Mukaphimba ndi wakisi mpweya uja umasowa potulukira, penti amachita chifunga, mwina n'kukhala wofewa. Opanga penti amalangiza kudikira masiku 30 mpaka 90. Ine ndimati ngati galimoto yaumira panja, werengani miyezi itatu yathunthu, ndipo mufunse mmisiri wanu mtundu wa penti amene wagwiritsa ntchito. M'miyezi imeneyi kutsuka ndi madzi ndi sopo wa galimoto n'kololedwa.

Apa ndiye pamene ogula kwa ogulitsa a m'tauni ayenera kutsegula maso. Galimoto yochokera ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 1,500 pamsewu, kulowera pa Songwe n'kutsika ndi M1. Panjira yotere bampala imatha kukhudzidwa, chitseko kukalika, ndipo ena amayamba aipititsa kugalaja asanaiike pamsika. Iimikeni padzuwa muyang'ane cham'mbali. Chitseko chimene mtundu wake wasiyanako ndi chinzake, kapena timadontho ta penti pa labala wa zenera, zikukuuzani kuti pamenepo padutsa mmisiri posachedwa. Pakani wakisi kwina konse, pamenepo pasiyeni.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri zimene ambirife timangozitcha polishi. Pamwamba pa mtundu umene mumauona pali kiliya, kachikopa koonekera ngati galasi, kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Kiliya ndiye amawalitsa galimoto ndi kuteteza mtundu ku dzuwa. Polishi weniweni ali ndi timchenga tosaoneka, ntchito yake ndi kupala kiliyayo pang'ono kuti mikwingwirima ichoke. Wakisi sapala kanthu, amangoyala kansalu kotetezera pamwamba. Choncho amene amapolisha galimoto yatsopano mwezi ndi mwezi akudya kiliya wake yekha, ndipo kiliya akatha sabwereranso. Mwaziona galimoto zija denga ndi boneti zikusupuka ngati njoka yofundula? Zikafika pamenepo wakisi sangathandize, yatsala ndi ya mmisiri basi. Pogula werengani pachitini. Ngati palembedwa kuti mankhwalawo amachotsa mikwingwirima, ndiye kuti amapala, galimoto yatsopano siikuwafuna. Ndipo chonde, Cobra ngwa pansi m'nyumba.

Koma kunena zoona, chimene chimapha penti mu mzinda uno si kusowa kwa wakisi. Ndi katsukidwe. Imani tsiku lina pamalo otsukira galimoto m'mbali mwa msewu muonerere. Mnyamata ali ndi ndowa imodzi, madzi afiira kale ndi dothi la galimoto zitatu zapita. Kansalu kake ndi malaya akale. Wayamba ndi matayala, kansalu kagwa pansi, wakatola, wakakutumula kamodzi, kenaka n'kukaika pa boneti. Mchenga uliwonse umene uli m'kansalumo ukulemba mzere pa kiliya. Madzulo dzuwa likapendeka mudzaona timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude, makamaka pa galimoto yakuda. Anyamatawa akufuna ya ndiwo, sindikuti muwathawe. Muziyenda ndi nsalu zanu zofewa zija zotchedwa microfibre m'buti ndi kabotolo ka sopo wa galimoto, muwapatse, muwauze kuti ayambe athira madzi ambiri fumbi litsike lokha, atsuke kuchokera padenga kupita pansi, matayala pomaliza ndi nsalu ina. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi uja wotsukira mbale amachotsa mafuta, ndiye amachotsanso wakisi amene mwataya naye ndalama.

Chizolowezi china choipa ndi chija chopukuta fumbi pouma m'mawa uliwonse musananyamuke. Amene mumakhala kumene tara sanafike, mbali zina za ku Machinjiri, Bangwe kapena Chirimba, ndikudziwa kuti m'mwezi wa September galimoto imagona yoyera n'kudzuka yofiira. Komabe kuyenda ndi fumbi n'kwabwino kusiyana ndi kulikhutiza pa penti. Ngati madzi avuta, pukutani magalasi okha.

Tsiku lopaka wakisi sankhani m'mawa kapena madzulo, pamthunzi, chitsulo chili chozizira. Ikani dzanja pa boneti, ngati pakutentha dikirani. Tsukani bwino, pukutani paume, chifukwa madzi a pamjigo akaumira okha amasiya mawanga oyera. Kenaka valani kajumbo kopyapyala kudzanja muyendetse pa penti. Mukamva tokhakhala ngati mchenga, ndiye kuti pali zomatirira zimene sopo walephera: tizitsulo ta padoko, utomoni, madontho a tara. Zimenezi zichoke kaye, apo ayi mukuzikwirira pansi pa wakisi. Pali dongo lake lapadera logulitsidwa m'mashopu a zipangizo za galimoto, limene mumalitsetsereka pa penti wonyowa ndi madzi a sopo. Tara wa m'munsi mwa zitseko amasungunuka ndi kadontho ka palafini pa nsalu yofewa, koma mutsukepo ndi sopo nthawi yomweyo.

Popaka, ambiri amaganiza kuti kuchulutsa ndiye kuteteza. Ayi ndithu. Chimene chimamatirira pa penti ndi kochepa kwambiri, kotsalako mumangovutika nako popukuta. Tapani pang'ono ndi kasiponji, pakani mbali imodzi, mwachitsanzo theka la boneti, dikirani mpaka pachite mbuu. Dutsitsani chala: pakatsala poyera pamene chala chadutsa, papsa, pukutani ndi nsalu youma yoyera. Pakapakika ngati mafuta, dikiraninso pang'ono. Pewani mapulasitiki akuda osapentedwa ndi malabala, wakisi amawasiyira zoyera zovuta kuchotsa. Galasi lakutsogolo musalipake, mawaipa angamakuchititseni chifunga usiku mvula ikugwa.

Wakisi alipo wa mitundu iwiri. Wachilengedwe amachokera ku masamba a mgwalangwa wina wa ku Brazil wotchedwa carnauba. Amawala mokoma koma pa dzuwa lathuli sakhalitsa, mwezi umodzi ndi theka kapena iwiri wapita. Wopangidwa ndi mankhwala amatha kufika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Galimoto yogona panja n'kuswera padzuwa ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, ine ndingaisankhire wachiwiriyu. Kuti mudziwe ngati akadalipo, thirani madzi pa boneti yotsuka. Akapanga timikanda n'kumagubuduka, alipo. Akangoyala ndyaa, watha.

Pa kalendala yathu, nthawi yosaphonya ndi August kapena kumayambiriro kwa September, dzuwa la October lisanafike pachimake. Pakaninso mvula ikamayandikira mu November, kenaka ikatha cha mu April. Masiku a chiperoni si abwino, chinyezi chimachedwetsa wakisi kuuma.

Pomwe mumaimika napo mpofunika. Mthunzi wa mtengo umaoneka ngati chifundo, koma jakaranda akayamba kuyoyola maluwa, kapena mango akamadontha utomoni, zimamatirira n'kusiya zipsera. Choopsa kwambiri ndi zitosi za akhwangwala ndi mileme. Zili ndi asidi, ndipo pa chitsulo chotentha zimatha kudinda kiliya tsiku limodzi lokha, wakisi amangokupatsani kanthawi koti muzione. Musazikande ndi chikhadabo. Nyowetsani kansalu, kayaleni pamwamba pake mphindi zisanu zifewe, muzinyamule osakhuta. Petulo akatayikira pothira, tsukanipo. Mafuta a mabuleki ndiye amadya penti msangamsanga, mmisiri akadonthetsera pambali pa boneti thiranipo madzi ambiri pompo, musadikire kukafika kunyumba.