Kumanga mpanda wa nkhuku kuseri kwa nyumba

Mwafunsa za mpanda woti nkhuku ziziyendayenda momasuka koma osatuluka. Yambani ndi malo, pakhale pokwererapo pomwe madzi sadikha komanso pali kamthunzi. Kumbani maenje akuya masentimita 50 motalikirana mamita 2, mizati yake muipake kaye oyilo wakutha kumunsi chifukwa chiswe sichichedwa. Kenako kungani waya wa nkhuku mpaka ulimbe ndithu, kutalika kwake kufike mamita 2, zachikudazi zimauluka musazidelere ayi. Apa nde pomwe ambiri amaphonya, wayayo kumunsi mukwirire masentimita 30 nkutsendera ndi miyala, apo ayi agalu angofukula usiku umodzi nkulowa. Mbali yomwe muzisungirako anapiye yalani ukonde pamwamba kuopa akabawi. Chitseko chizitsegukira mkati, muikenso kaloko.