Musanapite ku Canada m'nyengo yozizira

Canada ndi dziko lachiwiri kukula padziko lonse, koma mapu asakunamizeni. Mwa anthu ake opitirira 40 miliyoni, ambiri athithikana kum'mwera, pafupi ndi malire a United States, ndipo pafupifupi theka ali pakati pa mizinda ya Quebec City ndi Windsor. Kumpoto kuli dera lalikulu la miyala lotchedwa Canadian Shield ndi nyanja zambirimbiri, ndipo mukapitirira nthaka imakhala youma gwa ndi chisanu chaka chonse. Kumeneko khasu silingalowe.

Nyengonso siimodzi. Mu Januwale, mzinda wa Vancouver umakhala pa madigiri 4 pamwamba pa ziro, mvula ili pafupipafupi chifukwa cha nyanja ya Pacific, pomwe mzinda wa Winnipeg, pachigwa chopanda phiri lotchinga mphepo, umakhala pa -16 kapena kutsikirapo.

Pomva zanyengo musangoona madigiri, onaninso wind chill, yomwe ndi kuzizira kumene thupi limamva chifukwa cha mphepo. Ikafika -28, khungu losaphimba lingaundane m'mphindi 10 mpaka 30. Valani zosanjikiza zitatu: yaubweya mkati, juzi, kenako jekete yotchinga mphepo. Zathonje mkati ayi, zimasunga thukuta, ndipo likazizira limakuziziritsani kwambiri. Zala zikayera n'kuchita dzanzi musazitikite, mungavulaze mnofu. Ziviikeni m'madzi ofunda, osati otentha.