Kukonza nkhani za malonda za m'Chigwa cha Shire: zofunika kuona tsamba lisanatsekedwe

Mtolankhani wa ku Ngabu watumiza nkhani pa WhatsApp cha m'ma 2 koloko masana, yakuti alimi a thonje akudandaula kuti mavenda akuwabera pa sikelo. Tsamba la malonda litsekedwa madzulo omwewo. Inu mkonzi, musanakhudze chiganizo ngakhale chimodzi, muimbireni ndipo mumufunse kuti akuwabera ndalama zingati pa kilogalamu, pamsika uti, tsiku liti, komanso ndani waiona sikeloyo ndi maso. Akapanda kuyankha mafunso anayiwo, nkhaniyo sinapse, ibwerere pamoto.

Ntchito ya mkonzi wa nkhani za malonda yagona pamenepa. Nambala iliyonse yotuluka m'nyuzipepala izikhala ndi muyeso, malo, tsiku ndi mwini wake.

Njira yofikira pampando wa mkonzi

Ambiri amayamba ngati atolankhani a m'maboma, olipidwa malinga ndi nkhani zomwe zatuluka. Maphunziro a utolankhani amapezeka ku Malawi Institute of Journalism kapena ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ndipo ena amalowa ndi digiri ya zachuma n'kuphunzira kulemba ali pantchito. Kuchoka apo munthu amakhala mtolankhani wa pa desiki ya malonda, lomwe ndi gawo la nyuzipepala lolemba nkhani za malonda, kenako wothandizira mkonzi, kenako mkonzi. Chimene chimakweza munthu msanga ndi kukhala ndi gawo lomwe amalidziwa kuposa anzake onse. Wokhala ku Chikwawa kapena ku Nsanje ali ndi mwayi pamenepa, chifukwa nzimbe, thonje, chitowe, ng'ombe ndi malonda a pachipata cha Marka, m'malire ndi Mozambique, zili pakhomo pake. Sankhani ziwiri, muzitsate chaka chonse, kuyambira pofesa mpaka pogulitsa. Phunziraninso Excel, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera manambala, ndi masamu a maperesenti. Chisena ndi Chimang'anja musachinyozere: mlimi wa ku Makhanga amatchula mtengo weniweni akamayankhula m'chinenero chake, osati akamayesa kusangalatsa mlendo wa ku Blantyre.

Buku la mitengo

Chida choyamba cha desiki ndi buku la mitengo, kaya kope wamba kaya pa kompyuta. Sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, mtolankhani alembe mitengo ya chimanga, mapira, mpunga, nandolo, chitowe, mbuzi ndi shuga m'misika ya Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje paboma, kuphatikizapo msika umodzi wa kutsidya kwa Shire ku East Bank. Pachinthu chilichonse afunse ogulitsa atatu osayandikana, alembe mitengo yonse itatu. Wogulitsa mmodzi si msika. Alembenso ngati mtengowo ndi womwe venda akugulira kwa mlimi kapena womwe akugulitsira kwa wodya, chifukwa kusakaniza iwiriyi ndiko kumabala nkhani zabodza zakuti chimanga chatsika mtengo.

Vuto lalikulu ndi miyeso. Mlimi amanena za ndowa, chigoba, mbale kapena ngolo, pomwe boma ndi makampani amanena za kilogalamu ndi matani. Ndowa ya malita 20 imayeza kuchuluka, siyeza kulemera. Ndowa ya chitowe ndi ndowa ya chimanga sizilemera mofanana, ndipo ndowa yosefukira si ndowa yosalaza. Mavenda ena amaphwanya kapena kukulitsa ndowa malinga ndi kuti akugula kapena akugulitsa. Choncho desiki igule kasikelo kolendewera, mtolankhani ayeze yekha zomwe zili m'ndowamo, agawe mtengo ndi makilogalamu omwe wapeza. Thumba limene timawerengera ndi la makilogalamu 50, tani imodzi ndi matumba 20, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Lipoti likanena mahekitala koma mlimi akunena maekala, sinthani zonse zikhale muyeso umodzi musanayerekeze zokolola.

Pa nkhani ya sikelo zobera, musalembe kuti wakuti ndi wakuba chifukwa alimi atero. Tengani chinthu chodziwika kulemera kwake, monga paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, muone chomwe sikeloyo iwerenge, ndipo mujambule. Onani ngati sikeloyo ili ndi chidindo cha a Malawi Bureau of Standards, omwe ndiwo amatsimikizira sikelo zamalonda. Kenako funsani mwini sikelo mbali yake.

Chaka chilichonse unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira yogulira mbewu kwa alimi. Umenewo ndi mtengo wa papepala. Mtengo wa pamsika ndi womwe uli m'buku lanu, ndipo nkhani yeniyeni imakhala pa kusiyana kwa iwiriyo. Pa thonje onjezani mafunso awa: wogulayo ali ndi chilolezo cha Cotton Council of Malawi? Akulipira pompopompo kapena akupereka kapepala kolonjeza? Ndalama ya mbewu ndi mankhwala yomwe mlimi anakongola ikudulidwa bwanji? Thonje lake aliika mugiredi iti? Mlimi akhoza kuuzidwa mtengo wabwino koma n'kupita kunyumba ndi ndalama yochepa chifukwa cha zodulazo.

Maperesenti, pomwe ambiri amagwera

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inalengeza kuti mtengo wa dola wachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense ananena kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Werengani nokha. Kusiyana kwake ndi K520. Mukagawa 520 ndi 1,180 mupeza 44 peresenti, komwe ndi kukwera kwa mtengo wa dola. Koma mphamvu ya kwacha yogulira dola inatsika ndi pafupifupi 31 peresenti, chifukwa apo mumagawa 520 ndi 1,700. Nambala zonse ziwiri n'zoona, kungoti zikuyankha mafunso osiyana, ndipo mkonzi ayenera kudziwa funso lomwe chiganizo chake chikuyankha.

Chimodzimodzi ndi lipoti la mwezi ndi mwezi la National Statistical Office ya ku Zomba lonena za kukwera mitengo kwa zinthu. Tiyerekeze kuti lanena kuti nambalayo yachoka pa 30 kufika pa 28 peresenti. Mutu wakuti "Mitengo yatsika" ndi bodza. Mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lachepa. Mayi wogula ufa pa Bangula akawerenga mutu wotero sadzakukhulupiriraninso, ndipo adzakhala akulondola. Komanso kusiyana kwa 30 ndi 28 ndi mapointi awiri, osati 2 peresenti.

Poyerekeza mitengo ya mbewu, yerekezani mwezi uno ndi mwezi womwewo chaka chatha. Chimanga chimatsika mtengo pokolola n'kukwera kuyambira Disembala mpaka Febuluwale pafupifupi chaka chili chonse, ndiye kuyerekeza Meyi ndi Januwale sikuuza wowerenga kanthu. M'chigwa muno kumbukiraninso chimanga cha m'madimba, chomwe chimalowa pamsika m'chilimwe, komanso chimanga cholowa kuchokera ku Mozambique. Zonsezi zimagwedeza mitengo ya ku Nsanje mosiyana ndi ya ku Lilongwe.

Nzimbe ndi malipoti a makampani

Illovo Sugar Malawi, yomwe ili ndi fakitale ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ili pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, choncho imasindikiza zotsatira za chuma chake poyera. Musangokopera kalata yomwe ofesi yofalitsa nkhani ya kampani yatumiza. Tsegulani lipoti lenilenilo, musiyanitse ndalama zonse zolowa, phindu msonkho usanachotsedwe, ndi phindu msonkho utachotsedwa. Onaninso matani a shuga omwe apangidwa ndi omwe agulitsidwa. Kwacha ikagwa, ndalama zolowa zikhoza kukwera kwambiri pomwe shuga wopangidwa watsika, ndipo mutu wakuti kampani yakula umakhala wosokeretsa.

Alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi a kopaletivu ya Phata salipidwa potengera kulemera kwa nzimbe kokha. Kuchuluka kwa shuga wopezeka m'nzimbemo kumawerengedwanso, ndipo ndalama isanafike kwa mlimi pamachotsedwa za kuthirira, magetsi, feteleza, kudula, kunyamula ndi ngongole. Mlimi akati walandira zochepa, pemphani pepala lake la malipiro muone mzere uliwonse.

Malonjezo a zitukuko

Mu Okutobala 2010 doko la Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu, koma zaka zinadutsa lili duu, popanda sitima zamalonda. Phunziro lake kwa mkonzi ndi losavuta: "lidzachita" ndi "lachita" ndi mawu awiri osiyana. Pa ntchito ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ngalande yake imayambira pa Kapichira ndipo cholinga chake ndi kuthirira mahekitala opitirira 43,000, funsani makilomita a ngalande omwe atha, mahekitala omwe madzi afikadi, ndi tsiku lomwe analonjeza poyamba. Sungani fayilo ya malonjezo onse ndi masiku ake. Akuluakulu akabisa zikalata, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe akufuna kudziwa, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limakulolani kuzipempha polemba kalata.

Madzi osefukira nawonso ndi nkhani ya malonda. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi, ndipo zigayo ndi mafakitale m'dziko lonse zinamva kuwawa. Msewu wa M1 ukaduka, lembani mtengo wa minibasi, wa bwato, wa mafuta ndi wa ufa, musanadutse ndi mutadutsa podukapo. Nambala za minda ndi ziweto zokokoloka zimasintha tsiku ndi tsiku, choncho tchulani ofesi yomwe yapereka ndi tsiku lake. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ndipo boma likaletsa kuyendetsa ng'ombe, onani mbali ziwiri: mtengo wa ng'ombe ku Ngabu ndi mtengo wa nyama ku Blantyre.

Chipondamthengo ndi otsatsa malonda

Apa tinene mosapsatira. Mtolankhani wa m'boma amene salandira ndalama yoyendera amadalira galimoto ndi chipondamthengo, kandalama koperekedwa ndi anthu omwe akulemba nkhani zawo, ndipo nkhani yake imatuluka yonunkha mwini ndalama. Kumudzudzula kokha sikuthandiza. Mkonzi amenyere kuti desiki ikhale ndi ndalama ya mayendedwe ndi mayunitsi, ndipo azifunsa pankhani iliyonse kuti ulendowu walipira ndani. Nkhani yolipiridwa ilembedwe poyera kuti ndi yotsatsa malonda. Kampani yotsatsa kwambiri m'nyuzipepala yanu ikaimba foni kuti nkhani ichotsedwe, ipatseni mpata woyankha, mulembe yankho lake mokwanira, koma nambala zotsimikizika zikhale momwemo. Masheya a kampani yomwe mumailemba musagule, ndipo ngati munagula kale, auzeni akuluakulu anu.

Tsamba lisanapite kosindikiza, werengani nambala iliyonse mokweza mukuyang'ana pachikalata chomwe yachokera. Onani ma ziro: K5 miliyoni ndi K5 biliyoni zimasiyana ndi chilembo chimodzi papepala. Onani ngati chaka chotchulidwacho ndi cha pakalendala kapena cha boma, chomwe tsopano chimayamba pa 1 Epulo. Onani ngati mutu ukunena zomwe ndime yoyamba ikunena, ndiponso ngati aliyense wonenedwa zoipa anaimbiridwa foni, nthawi yake n'kulembedwa. Cholakwa chikapezeka nyuzipepala itatuluka kale, chikonzeni m'kope lotsatira komanso pa intaneti, mutchule nambala yolakwikayo ndi yolondola, kenako mukonzenso m'buku la mitengo kuti isadzabwererenso m'nkhani ya chaka chamawa.