Kuwonjezera mphamvu pa muscle car ya supercharger osaphulitsa injini

Mwafunsa kuti muyambire pati pa muscle car (galimoto ya ku America ya injini yaikulu) ngati Challenger Hellcat ya injini ya malita 6.2. Musanagule kanthu pezani sikana ya OBD2 (kachipangizo kolumikiza ku kompyuta ya galimoto) yowerenga IAT (kutentha kwa mpweya wolowa mu injini) ndi knock (kuphulika kwa petulo mu injini pa nthawi yolakwika), komanso munthu wodziwa kutchuna kompyuta ya injini pa dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto).

1. Yezani kaye injini mmene ilili: compression (mmene masilinda akupanikizira mpweya), mapulagi, lamba. Ithamangitseni katatu motsatizana mukulemba IAT ndi knock, muona nokha mmene IAT ikukwerera.

2. Yambani ndi kuziziritsa. Supercharger ikamapanikiza mpweya umatentha, ndiye kompyuta ikaona kutenthako imabweza timing (imachedwetsa nthawi yoyatsira mapulagi), galimoto imangofooka pomwe inu mwaponda mpaka pansi. Ikani heat exchanger (radiator yoziziritsa madzi a intercooler) yokulirapo kutsogolo, pampu yamphamvu ya madzi a intercooler (chipangizo choziziritsa mpweya wochokera mu supercharger) ndi thanki yaikulu ya madziwo. Mukathira madzi chotsani mpweya wonse m'mapaipi, yang'anani mu thanki muone madzi akuzungulira, pampu ikameza mpweya imangolira koma siikankha kanthu.

3. Mafuta: ma injector (opopera petulo mu injini) aakulu ndi pampu ya petulo yokwanira.

4. Pano mpamene mungaike pulley yaing'ono pa supercharger (kagudumu koyendetsedwa ndi lamba, kakachepa supercharger imazungulira mwachangu). Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amayamba ndi pulley poti ndiyotchipa, boost (mphamvu ya mpweya wokankhidwa mu injini) imakwera, kutentha nakonso, mafuta akuchepa, knock nkuyamba mpaka pisitoni kusweka. Musayende nayo musanatchune, olo kamtunda kochepa. Mukaona fumbi lakuda pafupi ndi pulley ndiye kuti lamba akuterereka.

5. Tchunitsani pa dyno ndi petulo yemweyo amene muzithira tsiku ndi tsiku, octane (nambala yosonyeza mmene petulo amapirira knock) ikatsika tune ija siyikugwiranso.

6. Lembaninso IAT ndi knock tsiku lotentha, mufananize ndi manambala a poyamba aja.